Tsiku Limene Ndinawongola Sheleni ya Bambo

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinagwira ntchito yaukhondo koposa zonse pa moyo wanga, ndipo banja lathu silinachirebe mpaka lero.

Tinkakhala m'komboni ya pafamu ya fodya kufupi ndi Shamva, m'zaka za Chitaganya. Bambo anachoka ku Dedza ali mnyamata, atauza mayi awo kuti abwera mvula ikatha. Mvula inatha kambirimbiri. Kumudzi anali atayamba kale kuwatchula mtchona.

M'kachitini kawo ka fodya wofwenkha munkakhala sheleni ya siliva yopunduka. Mutu wa mfumu ya Angerezi unatsetserekera kumbali ngati wa munthu wosuzumira pazenera, kumbali inayo kunali kosalala kopanda chilembo, ndipo m'mphepete munatuluka mlomo. Anailandira pa malipiro, koma aliyense ankaikana. Ngakhale amayi ogulitsa mowa wa masese, amene ankalandira chilichonse kupatula malonjezo, anaibweza.

Tsiku lina kunabwera kalata yoti agogo adwalika, akufuna kuona mwana wawo. Bambo anakayesanso sheleni ija kusitolo ya Mgiriki. Iye anaiyang'ana nthawi yaitali, nati mkulu wake wa ku Salisbury amasonkhanitsa ndalama zimene zinalakwika pozisula. Abwera Loweruka, ndipo mtengo wake ukwana sitima mpaka ku Limbe.

Sabata imeneyo bambo ankaimba pomanga fodya. Ndinali ndisanawamvepo akuimba kopanda maliro.

Tsono kwathu mlendo sumupatsa mbale yobenthuka kapena nkhuku yotsimphina. Ine mwambowo ndinali nditaumvetsa kuposa akuluakulu. Lachisanu masana, makolo ali kuchigafa choumitsira fodya, ndinatenga tupa yonolera makasu, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinapala mlomo uja mpaka ndalama inabulungira. Kenako ndinaikwecha ndi phulusa ndi ndimu, monga amayi ankakwechera mapoto a dona, mkazi wa mwini famu. Inawala ngati mwezi. Ndinaibwezera m'chitini osauza munthu, chifukwa wochita zabwino sadzitama.

Loweruka bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi, nanditenga kuti ndikaone mmene amuna amachitira malonda. Mzungu wa ku Salisbury uja anatulutsa kagalasi kokuzira zinthu, bambo anatsegula chitini, ndipo onse atatu anasuzumiramo.

"Ndani wachita izi?" anafunsa Mgiriki m'Chilapalapa, chiyankhulo cha mabwana ndi antchito.

"Ine," ndinatero, chifuwa patsogolo.

Mkulu wakeyo sanakalipe. Anandiitana, nandipatsa kagalasi, Mgiriki akumasulira. Anati cholakwika cha posula chimakhala chosalala, chifukwa chitsulo chimayenda chokha pansi pa chidindo, ndipo khungu lake limafanana ponseponse. Koma bala lobwera pambuyo lili ndi mizere, lili ndi mano, ndipo limawala mosiyana ndi pena ponse. Ndinasuzumira. Mizere ya tupa yanga inali ndondondo ngati munda wolimidwa ndi thirakitala. Anati tsopano sakanatha kutsimikizira aliyense kuti ndalamayo inabadwa choncho.

"Koma yayera, bwana," anatero bambo chapansipansi.

"Yayera," anavomera mzungu, akupinda kagalasi kake.

Mgiriki, pomva chisoni, anati poti yabulungira angathe kuilandira ngati sheleni wamba. Bambo anagulira mchere ndi sopo.

Panjira ndinkayembekezera mbama. Ndinafika posendeza tsaya kufupi kuti asavutike. Sinabwere. Titafika pa dibu la ng'ombe anaima, nandionetsa kachala kachisanu ndi chimodzi kamene anabadwa nako kudzanja lamanzere, kenako chipsera cha pamsongolo chimene pulawo inawasiyira.

"Aka n'kanga," anatero. "Ichi n'cha famu. Iwe mwanawe, usanakonze chinthu, uzifunsa kaye ngati chawonongeka."

Agogo anamwalira fodya asanapite kumsika. Bambo sanaimbenso pa ntchito. Atamwalira anagona kuseri kwa zigafa, pamanda a anthu a ku Nyasalande, mutu utaloza kumene sitima sinawafikitse.

Ine ndinakula, ndinalowa koleji, ndinatulukamo chaka chachiwiri popanda pepala. Abale amatsutsanabe ngati ndinabadwa wopendama kapena dziko linandibenthula. Ndinadziyang'ana bwinobwino monga anandiphunzitsira mzungu uja. Mizere ilipo, yowongoka, yaukhondo, ndipo dzanja limene linagwira tupa ndikulidziwa.