Chidole cha amayi achipaka polishi ya nsapato

Chidole cha amayi anga achipala ndi sandipepa, achipaka polishi ya nsapato, achiveka chitenge n'kuchiimika pa shelefu pakati pa mvuu ndi njovu zosema. Ndipo ndinachita kulipira ndekha. K150. Risiti ndili nayo pano.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndimatola zidole zakale. Tsiku lotsegula mabelo a salaula, zovala zovalidwa kale zija, ku msika wa Maramba anzanga amathamangira majuzi, ine ndimagwada pa mulu wa zoseweretsa. Sukulu ndinalekezera giredi 7, koma chidole ndimadziwa pochiyang'ana. Umachitembenuza, kukweza tsitsi, kuona kumbuyo kwa khosi. Pamenepo opanga amasiya zilembo ndi manambala. Kenako umaona kansalu kolembedwa kamene amasokera mkati mwa kolala ya diresi. Ziwirizi ndizo zimanena kumene chinapangidwa ndi nthawi yake. Ndili nazo zisanu ndi ziwiri kunyumba, zonse ndinazidziwa choncho, mothandizana ndi azimayi a pagulu lathu la pafoni.

Chimodzi chokha chinandikanika, cha amayi. Anachilandira ali kamtsikana kuchokera kwa mwana wa mzungu wogwira ntchito ku njanji, kumene agogo ankachapa zovala. Pulasitiki yolimba yakale ija, masaya ofiira, kadiresi koyera ka maluwa a buluu. Ukachigoneka chimatsinzina, koma diso lamanzere limachedwa. Zilembo za pakhosi zinalipo, chala chinkazimva, koma zinali zitaperepeseka moti foni yanga sinkazigwira. Kansalu nako kanali katasuluka. Amayi anakana miyezi yambiri kuti chituluke m'sutikesi mwawo. Tsiku limene anavomera anati akufuna adziwe kwawo kwa chidolecho iwo akadali moyo, koma ndichibweze mmene chilili.

M'tauni muli shopu ina ya zosema, dzina sinditchula lero. Pakhomo analemba kuti amazindikira zinthu zakale. Ndinamva kuti eni ake ali ndi galasi lokuza tizilembo.

Lachiwiri, 09:20, ndinalowa mwana ali kumsana. Pakauntala panali ba Namakau, mayi wogulitsa. Ndinawalozera pakhosi ndi chala. Ndinawaonetsa kansalu. Ndinanena kawiri kuti asachitsuke, asachivule, bwana angowerenga ndi galasi basi. Anati ndisade nkhawa, azungu amawasiyira zinthu zodula kuposa ichi. Analandira ndalama, anati ndibwere Lachisanu.

Lachisanu, 10:00. Ba Namakau akuti bwana apita ku mathithi ndi alendo.

Lachiwiri linalo, 14:15. Ba Namakau akuti bwana akadafufuza pa kompyuta. Ndinapempha kuti ndingochiona. Anati chili mu ofesi, kiyi ali nayo bwana. Ndinakhala pa benchi mphindi makumi anayi, mwana anagona n'kudzuka, bwana osaoneka.

Lachinayi, 12:05. Ba Namakau atandiona anaseka, anati ndikuvuta ngati ndinasiya golide. Nanenso ndinaseka nawo. Ine sindikonda phokoso, ndimati munthu ukamulemekeza ntchito imayenda. Masiku onsewo amayi ankaimba foni kufunsa ngati adziwa kwawo. Ndinkati akatswiri akuyang'ana. Akatswiri.

Loweruka, 11:30, ndinapeza mushopu mwadzaza alendo. Ndinaima pambali kudikira. Mayi wina wachizungu anatenga pa shelefu chidole choderapo ngati thabwa la mukwa, chovala chitenge, duku kumutu, mikanda m'khosi. Anachigoneka m'manja ngati khanda. Diso lamanja linatsinzina. Lamanzere linachedwa.

Maulendo atatu ndinkadutsa pa shelefu imeneyo. Tsiku la pa benchi lija ndinakhala moyang'anizana nacho mphindi makumi anayi, osachidziwa. Ku mwendo anamangirira kapepala, K900.

Ndinachitenga m'manja mwa mayiyo mwaulemu, ndinakweza duku, ndinagwira pakhosi. Posalala ngati mbale. Palibe chilembo ngakhale chimodzi.

Ba Namakau anayamba ndi kukana. Anati zidole zimafanana, chimenecho chinabwera ndi katundu wina. Ndinachigoneka pakauntala, ndinati tiyang'ane maso tonse. Anayang'ana, anaitana ba Sitali, bambo wachikulire amene amapolisha zosema kuseri kwa shopu.

Ba Sitali anabwera manja ali bii ndi polishi, kasanza kali m'dzanja. Iwo sanabise kanthu. Anati chilichonse choikidwa pa tebulo la kuseri ndiye kuti chikufuna kumaliza: kupala, kupaka, kupukuta, kenako pa shelefu. Amachita choncho chiyambire ntchito. Chidolecho anachipeza pamenepo pakati pa mvuu, chopanda pepala, Lachiwiri loyamba lija masana. Ndinawafunsa chifukwa chake anachidetsa.

"Mami, mzungu sangachoke kwao kubwela kugula mzungu mnzake kuno," anatero. "Nenze kuchithandiza chabe."

Ndinafunsa za pakhosi. Anati panali pokhakhala, ndiye anasalaza monga amasalazira msana wa mvuu. Ndinafunsa ngati anaona cholembedwa. Anati panali timanambala ndi tizilembo titatu kapena tinayi, koma ankayesa kuti ndi litsiro.

Ndinafunsa diresi. Ba Sitali anayang'ana m'dzanja mwawo. Nanenso ndinayang'ana. Pansi pa polishi ndinaona timaluwa ta buluu. Diresi limene amayi analisunga m'sutikesi kuyambira ali kamtsikana, lakhala likupukuta njovu masiku khumi ndi limodzi. Kolala anaidula n'kutaya, akuti mabatani ankakanda zosema. Kansalu kolembedwa kanapita nayo.

Tsono mverani chipepeso chake. Ba Namakau anati ndisakwiye, chaoneka bwino kuposa kale, poyamba chinali ngati chodwala. Anati ndichisiye, mzungu uja wachikonda, chikagulidwa tigawana. Tigawane chiyani? Ndani anawauza kuti ndikugulitsa? Ndikawasiyira mwana kuti andigwirire, adzamupaka polishi n'kumumangirira mtengo wake ku mwendo?

Ndinati aimbire bwana. Anaimba ine ndili pomwepo. Bwanayo anati sanaonepo chidole chilichonse, palibe anamuuza. Nanga amene ankafufuza pa kompyuta uja ndani? Nanga kiyi ija inali yotsekera chiyani, chidole chili pa shelefu? Ndinafunsa za galasi. Ba Namakau anayankha motsitsa mawu kuti linasweka chaka chatha. Chikwangwani chokha ndicho sichinasweke.

Ndinakulunga chidole ndi kasanza kaja m'chitenge changa, ndinatuluka osatukwana munthu. Ndinakafika kunyumba ndisanalire.

Ndayesa sopo. Ndayesa mafuta ophikira ndi thonje. Polishi ikuchoka pamwamba, koma momwe munadutsa sandipepa yalowa mkati. Masaya ofiira aja kulibe, anapita ndi fumbi. Azimayi a pagulu ndawatumizira zithunzi, onse akuti popanda zilembo ndi diresi angangoyerekeza, zidole za maso otero anapanga m'mayiko ambiri.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinapita kwa amayi ku Dambwa. M'njira ndinaganiza zonama kuti akadachiyang'ana. Koma ndikananama mpaka liti? Ndinachimasula pamphasa. Amayi anayamba amva fungo, anakwinya mphuno. Anachinyamula, anapititsa chala pakhosi, kawiri, katatu. Anachigoneka, anadikira diso lamanzere. Kasanza anakatambasula pabondo n'kukapinda bwinobwino.

"Maso ndi ake," anatero. "Koma uyu ine sindimudziwa. Pita naye."

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anasunga kasanza kokha, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanafunsenso za kwawo kwa chidole.

Anzanga otola zidole, ndi inu amene muli ndi cha makolo m'sutikesi, musachisiye pa shopu ya zosema ngakhale atalemba zotani pakhomo. Manja awo anazolowera kuti chinthu chikhale chosalala ndi chonyezimira. Chakale kwa iwo ndi chakuda chofuna kupala. Akati bwana kulibe, nyamulani chanu muzipita. Ndipo musanatuluke nacho m'nyumba, ikani kapepala pakhosi mukhwekhwereze ndi pensulo, zilembo zimatuluka. Ine nzeru imeneyi ndaimva mochedwa.

Inu eni shopu, ndiyankheni. Mumalandiranji ndalama ya galasi limene mulibe? Chinthu cha mwini chimafika bwanji pa tebulo la kuseri chopanda pepala? Ndani anauza ba Namakau kuti azindinamiza maulendo atatu? Ndipo chikanagulidwa Loweruka lija ndisanafike, mukanandiuza kuti chili mu ofesi mpaka liti?

Musanditumizire K150, si imene ndikulira. Padziko pano munthu womaliza kuona zilembo zija ndi ba Sitali. Lolemba, 08:00, mudzandipeza pakhomo ndi pepala ndi pensulo. Muwamasule pa ntchito akhale nane pa benchi, ajambule chimene anachiona, ngakhale chilembo chimodzi chokhota. Sindichokapo ndilibe choti ndikawauze amayi.