Chithunzi Chimene Bambo Anapita Nacho ku Joni

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo analembetsa zopita ku migodi ya ku Joni. Masiku amenewo amuna ankakwera ndege pa Chileka n'kutha zaka ziwiri osaonekanso. Ulendowo bambo sankauopa. Chinkawasautsa n'chakuti mng'ono wanga Esinati anali atangoyamba kuyenda, ndipo analibe chithunzi chake choti anyamule.

Anaitanitsa a Makwinja, wojambula wa pa Lirangwe, amene ankayenda pa njinga kamera ili m'khosi. Mayi anaumirira kuti tijambulire m'nyumba, pafupi ndi kabati yawo ya mbale, kuti a ku Joni adziwe kuti nafenso ndife anthu. Ine anandipatsa ntchito yogwira Esinati kuti aime chilili, manja m'mbali, monga ankaimira aliyense pa chithunzi. Poti m'nyumbamo munali mdima, a Makwinja anaika kababu ka fulashi. Katang'anima, mwana anakuwa, kundiluma chala, n'kukabisala m'chitenje cha mayi. M'nyumba monse munangoti fungo la chinthu chopserera.

Filimu inali itatsala ya chithunzi chimodzi chokha, ndipo ulendo unali pafupi.

"Fulashi imamugwira mwana ngakhale akuthamanga," anatero a Makwinja kwa bambo, "koma imamugwira ali ndi mantha. Mukufuna muzikamuona choncho zaka ziwiri, achimwene? Tiyeni panja. Dzuwa likachuluka kamera imaphethira msanga." Kenako anandiyang'ana ine. "Iwe, tamusiya mwanayo. Akumulizawo ndi manja akowo."

Mawuwo anandiwawa, poti ndinkadziyesa mayi wake wachiwiri. Komabe ndinamusiya. Pabwalo bambo ananjuta pambali pa wojambula n'kuyamba kuomba m'manja. Esinati, misozi isanaume n'komwe, anadzandira kupita kwa iwo, kukamwa kuli yasa ndi chiseko. Kamera inalira kamodzi.

Chithunzi chitabwera kuchokera ku Blantyre, nkhope inaoneka bwinobwino, koma dzanja limodzi linali ngati utsi, ndipo kabati munalibemo. Ine ndi mayi tinagwirizana kuti chawonongeka. Bambo anangochiika m'thumba la malaya.

Anabwerako ataonda, akutsokomola, chithunzicho chitatha m'makona. Tsiku lina ndinawafunsa ngati anzawo sankawaseka nacho.

"Ana a anzanga anali ataima ngati asilikali," anatero. "Wanga, ndikatuluka pansi pa mgodi, ndinkamupeza akubwera kwa ine."

Lero ndili ndi zidzukulu, ndipo manja anga amandiyabwabe kuti ndiwagwire, ndiwaongole, aime bwino. Manjawo ndimawabweza. Zinanditengera nthawi kuzindikira kuti nkhope ya mwana wawo bambo ankaidziwa kale. Chimene ankasowa kutali kuja chinali munthu wowathamangira.