Chitini cha Masipanala

Matipate atangoyamba kumene, ndinagula njinga yakale yokhala ndi kachitsulo koikamo botolo la madzi. Ine ndinkaikamo chitini cha masipanala, guluu ndi zigamba, poti misewu yathu ya ku Neno ndi yamiyala.

Tsiku limene mkazi wanga anamwalira kuchipatala, ndinanyamuka kukauza abale kumudzi. Ndili pachitunda, tayala linaphwa. Ndinakhala pansi, n'kutulutsa chubu, n'kupeza pobooka, n'kumata bwinobwino. Sindinalire. Ndinkangodikira kuti guluu aume.

Mayi wina wa kwathu, atasenza nkhuni, anaima.

"Kodi odwala aja ali bwanji, bambo?"

"Atisiya," ndinatero, uku ndikupopa.

Anatula nkhuni zija n'kuyamba kulira. Ine ndinafinya tayala ndi chala, ndinaona kuti lalimba, basi ndinakwera n'kumapita.