Mpando Wakutsogolo wa a Ezekiele

A Ezekiele anabadwira ku Magaleta, koma mphamvu zawo zinathera ku Blantyre, komwe ankayendetsa lole ya kampani ina ya nsalu. Matipate atangobwera kampaniyo inachepetsa antchito, iwo n'kubwerera kumudzi ndi kapikiapu kotopa komwe anagula atawatsanzika. Anayamba matola. Ankanyamula anthu, mbatatesi ndi manachesi kuchoka ku Magaleta, kudzera pa Neno mpaka ku Lisungwi, ndipo mpando wakutsogolo anthu ankachita kuulimbirana. Munthu wake anali wofatsa koma waukhondo wonyanya, woti ntchentche ikatera pachiwongolero ndiye kuti tsiku lawonongeka.

Dzinja lina kolera inavuta. Mayi woyandikana nawo nyumba, a Stelia, anadwala, ndipo a Ezekiele sakanatha kukana. Anawakhazika kutsogolo, koma mayiyo anatsirizikira m'njira, chipatala chikuonekera. Wa zaumoyo anapopera m'galimotomo klorini wosungunula bwino, n'kunena kuti akangouma basi, vuto palibe.

Vuto linalipo. Mbiri inathamanga kuposa galimotoyo. Anthu ankalolera kukwera mapiri wapansi, matumba ali pamutu, kusiyana n'kuponda "galimoto ya kolera." Ikaima pasiteji, amayi ankatseka mphuno ndi chitenje. Kunyumba ana anayamba kugona ndi njala, ndipo a Ezekiele mtima unawathawa.

Anaganiza kuti ngati anthu akuopa uve, awaonetse ukhondo. Anapeza klorini waufa, wothira m'zitsime uja, ndipo m'malo moyeza ndi supuni ankatapa ndi dzanja. M'mawa uliwonse ankakwecha mpando, zitseko ndi pansi pomwe. Zomvetsa chisoni zedi. Mpando wobiriwira uja unatuwa, n'kung'aluka, siponji n'kusuzumira kunja. Pansi panadyeka ndi dzimbiri mpaka msewu kumaonekera pakati pa mapazi. Mawaya anachita ndere, magetsi n'kumayaka akafuna okha. Choipitsitsa chinali fungo, chifukwa linali lomwe lija la kumatenti a odwala kolera. Akamatsuka kwambiri, m'pamenenso galimotoyo inkanunkha maliro.

"Bambo a Tisungeni, galimotoyi mukuipha ndinu," anatero akazi awo, a Dorica. "Tangoisiyani iume."

"Ndiisiye bwanji, mayi? Anthu aone okha kuti yayera."

Tsiku lina la msika, atangomaliza kukwecha, panafika mayi wachilendo atavala diresi lakuda lositidwa bwino. Anali a Constance, mphunzitsi amene anali atangotumizidwa kumene kusukulu ya kumeneko, ndipo za kolera ya m'galimotomo sankazidziwa.

"Kodi mukupita pa Neno, bambo?"

A Ezekiele anavomera msangamsanga. Anapukuta mpando uja ndi malaya awo omwe, nawatsegulira chitseko. Mumtima ankangoti munthu mmodzi yekha atsike wamoyo anthu akuona, mawa onse abwerera. Anayendetsa pang'onopang'ono ngati anyamula mazira, akuimba hutala paliponse pamene pali anthu. Pa Neno sanaime pasiteji. Anakaima dala pakati penipeni pa msika.

A Constance anathokoza, natsika, nayamba kuyenda. Pamwamba mpando unali wouma, koma siponji inali itamwa klorini, ndipo njira yonse inkafinyira m'diresi lija. Kumbuyo kwake, kuyambira m'chiuno kutsika, kunali chibanga choyera, chonyowa. Aliyense pamsikapo ankadziwa kuti wodwala kolera amatsegula m'mimba zoyera ngati madzi otsukira mpunga.

"Eti yawagwira kale," anatero mayi wina wogulitsa tomato, akukokera mwana wake kumbuyo.

Anthu anapatuka mbali zonse, ena kusiya ndi malonda omwe. A Constance anaima okhaokha, akucheukacheuka, osadziwa chomwe alakwa. A Ezekiele anatuluka m'galimoto atatambasula manja awo osupuka ndi mankhwala.

"Ndi klorini chabe, abale. Bwerani mudzanunkhize."

Palibe anasendera.

Anabwerera ku Magaleta okha, kumbuyo kulibe ngakhale thumba limodzi. Anaimika galimoto kuseri kwa nyumba, nazimitsa injini. Kenaka anaitana a Dorica, n'kuwafunsa ngati khasu limene iwo anasiyiridwa ndi malemu bambo awo likadali ndi mpini.