Mizu Yotsukidwa

Anzawo a kumgodi wa malasha ankawatchula a Sopo, chifukwa ankatsalira m'bafa akudzikhula mpaka madzi kuzizira. Ena ankawanyogodola kuti malasha sachoka ndi thovu, amakachokera kumanda. Iwo ankangoseka.

Mgodi utatsekedwa panatsala chimulu cha dothi lakuda, ndipo penapake pansi pake panagona mng'ono wa a Sopo, yemwe denga la mgodi linamugwera, mtembo osapezeka. A Sopo, amene tsopano chifuwa chinkawalira ngati chitseko chakale, anatsala ndi khumbo limodzi: kuti asanatsikire kuli chete, mng'ono wawoyo akhale ndi mthunzi.

Chaka ndi chaka ankazula timitengo m'kankhalango ka kuseri kwa njanji. Kumizu ankapezako tiulusi toyera, tonunkha chinyontho. Kwa iwo chimenecho chinali chuku, ndipo munthu wolongosoka sapititsa matenda pamanda a m'bale wake. Choncho ankatsuka muzu uliwonse m'beseni ndi kaburashi mpaka kuyera mbee, n'kukabzala pachimulupo. Mvula ikatha, timitengoto tinkachita chikasu n'kuuma.

Ndani angawaimbe mlandu? Munthu amene fumbi lamudya mapapo sangavomereze msanga kuti kuli litsiro lopatsa moyo.

Mwana wawo wamkazi, amene ankaphunzira za nthaka, atabwera patchuthi anawapeza atawerama pabeseni. Anawafotokozera mwaulemu kuti tiulusito ndi bowa amene amakhala ndi mizu mwachibale: amafika kumene muzu sungafike, kutungira mtengo madzi ndi chakudya, mtengowo n'kumamugawirako shuga wake. M'dothi lotembenuzidwa ndi makina bowayo anafa kale, choncho kamtengo kamayenera kubwera naye.

A Sopo anayang'ana madzi a m'beseni.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikutitumiza tokha, topanda m'bale?"

"Simunkadziwa, bambo."

"Kusadziwa n'kufa komwe, mwanawe. Kataye madziwa."

Pamene mvula inayamba, miyendo yawo inali itakana kale kukwera chimulu. Mwanayo anakwera yekha, timitengo tili ndi dothi lake la m'nkhalango. Anabwerako manja ali bii. Bambo ake anawagwira manjawo, kuwayang'anitsitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba sanamuuze kuti akasambe.

A Sopo anamwalira chilimwe chisanafike. Timitengo tingapo tinagwira. Mthunzi wake lero ungokwana chipewa chawo cha kumgodi, chimene mwanayo anakachiika pamenepo.