Mwana Wamkulu Kuposa Amayi Ake

Ndinafika pa esiteti ya tiyi ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndili mtsikana wa setifiketi ya kompyuta mu envelopu ndi nsapato zosadziwa matope. Kwathu ndi kuchigawo chapakati, kumene tiyi timamudziwa ali kale m'kapu. Ntchito yanga inali kusamutsa mbiri za antchito onse kuchoka pa makadi akale kulowa mu kompyuta. Pondionetsa kwa anzanga, bwana woona za antchito anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Anzangawo anaomba m'manja pang'ono, kenaka anandipatsa mpando wogwedera umene aliyense ankaukana.

Kompyutayo inali imodzi ofesi yonse, ndipo tikamaweruka tinkaifunditsa nsalu kuopa fumbi. Choyamba ndinapanga fomu ya pa sikirini yolowetsera anthu: bokosi la dzina, la nambala ya ntchito, la gawo la munda, la nambala ya nyumba ku malayini, ndi la tsiku lobadwa. Fomu imeneyo ndinkaikonda, sindibisa. Ukalemba mawu pofunika manambala, inkakana. Ukasankha gawo la munda, mayina a akapitawo a gawolo ankatsika okha. Mabatani ake ndinawafola mowongoka kuposa mizere ya tiyi panjapo. Bwana analamula kuti bokosi la tsiku lobadwa lisamadumphike, ndiye ndinaliikira lamulo loti likakhala lopanda kanthu, munthuyo asalowe.

Makadi onse anali ndi masiku obadwa, ndipo poyamba ndinadabwa ndi khama limenelo. Othyola tiyi achikulire ambiri makolo awo anachokera ku Mozambique, ndipo pobwera sananyamule makalendala. Anzanga ndiwo anandifotokozera. Kalaliki amene ankalemba anthu ntchito kalelo, yemwe ine sindinamupeze, anali ndi njira yakeyake. Ankamuyang'ana munthu kumaso, kuyang'ana tsitsi ndi mano, n'kulemba chaka. Tsiku ndi mwezi ankagawa mopanda tsankho, aliyense 1 Januwale. Choncho malinga ndi kompyuta yanga, amayi a ku Thyolo ankabereka tsiku limodzi pachaka, miyezi inayo n'kumapuma. Ofuna ntchito nawo sanali ogona. Podziwa kuti nkhalamba sizilembedwa, ena ankabwera atapaka mwaye mu imvi, akuyenda mwachangu. Ine ndinalowetsa zonse monga zinalili pa makadi.

Anthu onse atalowa, bwana anafuna kweri. Kweri ndi funso limene umafunsa kompyuta, iyo n'kukusankhira anthu okhawo oyenera funsolo. Funso la bwana linali lakuti, ndani afika msinkhu wopuma pantchito chaka chino? Kale nkhani imeneyi inali ya kapitawo, amene ankaona yekha kuti uje dengu layamba kumulemera. Ine ndinalemba mzere umodzi wochotsera chaka chobadwa pa chaka chimene tinalimo, n'kudina batani. Pulinta inalira, mayina anatuluka, bwana anandiyamikira, makalata anapita kuminda.

Tsono pa esiteti kupuma pantchito sikutula dengu kokha. Nyumba ya ku malayini ndi ya kampani, ndipo imayendera nambala ya ntchito. Nambala ikatsekedwa, mwezi ukatha umabweza kiyi.

M'mawa wina kukugwa mvula yamvumbi, pakhomo pa ofesi panaima mayi wina wamtali, wowonda, atamanga lona m'chiuno monga amachitira othyola tiyi. M'mutu munali imvi, mano akutsogolo analibe. Anagwira kalata ndi manja awiri.

"Odi, madamu. Kalatayi andiwerengera akapitawo. Akuti ndakalamba."

"Kompyuta ndi imene yawerengera zaka zanu, mayi," ndinatero.

"Chabwino. Nanga amayi anga ondibereka, amene akuthyola mzere woyandikana ndi wanga, iwo akalamba liti? Kalata yawo sinabwere."

Ndinamufunsa manambala onse awiri, ndinatsegula fomu ya mwana, kenaka ya amayi ake. Mwanayo anali wamkulu kuposa amayi ake ndi zaka zingapo. Ndinabwereza kweri yanga ndikuyembekeza kupezamo cholakwika, koma munalibe. Inkagwira ntchito bwino kwambiri.

Mayiyo anafotokoza ataimirira pakhomo pomwepo. Iye ndi amayi ake analembedwa ntchito tsiku limodzi. Iye anali atangodzuka pa matenda a chifuwa chachikulu, mwamuna wake atangoikidwa m'manda, ndipo nkhope inanena zimenezo. Amayi ake anali aafupi, othamanga magazi, tsitsi litadetsedwa bwino. Kalaliki anaona zimene anaona. Tsopano nyumba inali pa nambala ya mwanayo, mmene ankagona ndi ana ake, wamng'ono ali kupulayimale ya pa esiteti pomwepo. Kumudzi analibe ngakhale pomanga khola la nkhuku.

Ndinapita nazo kwa bwana, mayiyo ali pambuyo panga. Sanali munthu woipa, koma ankakhulupirira pepala kuposa maso ake. Anafunsa chikalata cha ubatizo, mayiyo anati anabatizidwa ali ndi ana kale. Anafunsa cha sukulu, mayiyo anangoseka pang'ono.

"Ndiye amayi akewo abwere adzanene okha," anatero bwana. Mayiyo atatuluka, bwana anandiyang'ana n'kutsitsa mawu. "Koma mukudziwa masamu ake, asisi. Akavomera kuti ndiwo mayi, chaka chawo nachonso tikonza. Sitingasiye mayi ndi mwana ali a msinkhu umodzi. Ndipo kweri yanu ija iwagwira."

Masana ndinavala nsapato zobwereka za jombo n'kutsika kukashedi ka sikelo, kumene othyola amapimitsa masamba awo. Ndinafuna kuti gogoyo, amayi ake a mayi uja, amve zonse asanaponde mu ofesi. Ndinawapeza atakhala pa dengu lozondotsa, kamunthu kakang'ono, manja akuda ndi utomoni wa tiyi. Iwo sankagona ku malayini. Ankayenda m'mamawa uliwonse kuchokera kumudzi cha ku Kapichi, kumene anali ndi mwamuna wofa ziwalo, wodya za dengu lawo lomwelo.

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono kuti akakhala chete, ntchito yawo ikhala, ya mwana wawo ithe pamodzi ndi nyumba. Akayankhula, kalata isanduka yawo. Anandimvetsera akutafuna chinangwa. Mwana wawo anayamba kuwayankhula mu Chilomwe, mofulumira, akupukusa mutu. Chilomwe sindichidziwa, koma kuletsa kumamveka m'chilankhulo chilichonse. Gogoyo anamuyankha mawu awiri okha. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Mwanena kuti ofesi amatsegula nthawi yanji, mwana wanga?"

M'mawa mwake ndinawapeza pakhonde ndisanavundukule kompyuta. Anavala chitenje cha kutchalitchi pamwamba pa zovala zantchito, ndipo tsitsi sanalipake kanthu. Linali loyera mbuu. Mwana wawo anaima kumbuyo, maso ali otupa.

Bwana anawapatsa mpando, n'kuwafunsa ngati ali ndi umboni woti mayiyu ndi mwana wawo.

"Umboni ndine amene, bwana. Ndinamubereka ndekha, mchombo anadula ndi azakhali anga. Zaka zimene mwamusenzetsazo si zake, ndi zanga. Ndinazisiya pakhomo pa ofesi ino tsiku lolembedwa ntchito, chifukwa akalaliki aja nkhalamba sankazifuna. Sindinadziwe kuti azitola n'kumupatsa mwana. Ndabwera kudzatenga."

"Mukudziwa kuti mukatenga zakazo, ntchito yanu yatha mwezi uno?"

"Anandiuza dzulo madamuwa."

Bwana anakanda m'mutu nthawi yaitali, kenaka anandiuza kuti ndisinthe. Anagwirizana ndi kapitawo wawo chaka choyenera mwanayo, gogoyo n'kupatsidwa chaka chimene chinali pa khadi la mwana wawo. Ndinatsegula fomu, kufufuta, kulemba, kudina batani losungira. Fomu yanga yokana zinthu ija sinakane. Ndinayendetsanso kweri, dzina limodzi linachoka, lina linalowa m'malo mwake, chiwerengero cha opuma chili chomwecho. Zinandiwawa kwambiri. Ndinakhala ndikuyang'ana sikirini kuti asaone kuti ndikufuna kulira, ine munthu wa setifiketi.

"Zalowa?" anafunsa gogoyo.

"Zalowa, amayi."

"Nyumba ija ili pa mwana wanga?"

"Ili pa iye."

Mwana wawo anali atatuluka kale, akulirira pakhonde. Gogoyo anadzuka, anamasula chitenje cha kutchalitchi, anachipinda bwinobwino n'kuchikulunga m'kapulasitiki kuopa mvula. Anamanga lona m'chiuno. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Madamu, mundilembere kapepala koti ndachedwera kuofesi kuno. Akapitawo angaganize kuti ndayamba ulesi."