Tsiku Limene Ndinawaza Madzi Mbalame ya Takondwa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha zala zangazi. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinkangokhala kwathu ku Chulu, kusankha fodya ndi bambo m'chigafa. Azakhali anga, ogulitsa mandasi pa Mtunthama, ndiwo anauza a Mwale ojambula zithunzi kuti kuli mtsikana wodziwa kugwira tsamba osaling'amba. Basi, ndinalembedwa.

Kupatula zithunzi za maukwati, a Mwale ankapanga makatuni a mapepala. Umadula munthu kapena nyama ndi lezala, mikono payokha, miyendo payokha, n'kulumikiza ndi ulusi. Ukagoneka pathebulo pansi pa nyale, foni ili pamwamba yomangirira ku thabwa, umasuntha mkono pang'onong'ono, kujambula, kusunthanso, kujambulanso. Zithunzizo zikathamangitsidwa, pepala limayenda.

Makasitomala athu anali atsikana a kalabu yowerenga pasukulu ina. Anali openga ndi mabuku ena otsatizana a dziko lamatsenga, mpaka kumaitanana mayina a anthu a m'mabukumo. Ankafuna kanema woti akaonetse anzawo potsekera teremu. Ine mabukuwo sindinawawerenge, ndipo ndinkawaseka chamumtima: anthu akuluakulu kulirira mbalame yonama!

Mbalame yapepala ya mu kanemayo inali yoyera mbee. Anailemba ndi kuipaka utoto wamadzi ndi Takondwa, mtsikana wosayankhulayankhula, nthenga iliyonse payokha, teremu yonse.

Tsiku lojambula gawo lomaliza, a Mwale anapita ku Santhe m'mawa kukajambula chinkhoswe. Ndinapeza mapiko a mbalame atapindika ndi kutentha kwa nyale, ouma gwa. Aa, zimenezi n'zovuta? Kwathu fodya akauma chonchi timamuwaza madzi kuti afewe, kenako n'kumupsinja. Ndinaviika zala m'kapu, waza waza, n'kusanja nthengazo pakati pa nyuzi, buku lolemera pamwamba. Ndinadzitama ndithu kuti ndine wochenjera.

Masana atsikana anafika akuimba. Ndinachotsa buku lija onse akuona. Mayo ine! Utoto unali utasungunuka, inki ya nyuzi itamatirira, mbalame yonse yakuda bii, nthenga zina zitatsalira papepala. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

A Mwale, omwe anali atangotsika panjinga, anayang'ana mbalameyo. "Iwe Esinati, pepala si fodya. Bwanji osadikira kufunsa?"

Takondwa akanandilalatira zikanakhala bwino. Koma iye anangogwada pansi. Anayamba kutola nthenga imodziimodzi, kuika m'thumba la yunifolomu. Mnzake ndiye anandikokera pakhonde.

"Achemwali, simudziwa? M'bukumo mbalame ija ndi mayi ake a mwana wamasiye, amabwera kudzamuona. Takondwa mayi ake anamwalira chaka chatha."

Manyazi amene ndinamva pakhondepo sindinawamvenso kwina kulikonse. Tinadula mbalame ina mothamanga, kanema anaonetsedwa, anthu anaomba m'manja. Takondwa sanalowe muholo. Ntchito sinandithere, koma ndinabwereka mabuku aja ndi kuwerenga onse, ndipo pofika pa mbalame ndinalira ngati mwana.

Lero ndili ndi thebulo langa ndi nyale yanga ku boma. Pepala likapindika ndimalisiya pansi pa galasi louma, liwongoke lokha. Ndipo munthu akandibweretsera chojambula chake, ndisanachikhudze n'komwe ndimayamba ndafunsa kuti, "Ameneyu ndani kwa inu?"